Amalume, impakiti ndi mbiri ya nati ya tayala

Mwezi wa Disembala wapitawu, tikuchokera ku maliro ku Balaka, tayala lakutsogolo la Corolla ya amalume linaphwa titangodutsa pa Liwonde. Kunali kutayamba mdima. Amalume ndi makaniko wa zaka zoposa makumi awiri, ndiye panalibe amene anada nkhawa. Anatulutsa jeke ndi wilo sipanala, ine n'kumawaunikira ndi foni. Nati yoyamba inakana. Anapondapo ndi phazi, inakanabe. Tinabwereka paipi kwa anyamata okonza njinga m'mbali mwa msewu, tinaiveka ku sipanala, amalume n'kukwerapo thupi lonse. Manati atatu anamasuka molira. Yachinayi inaduka pamodzi ndi sitadi yake, bawuti ija imatuluka pa habu kuti tayala likolekedwepo. Tinakwawa mpaka ku Zomba ndi manati atatu, amayi ndi agogo ali kumbuyo, aliyense ali chete.

Masiku ochepa izi zisanachitike, amalume anali atasinthitsa matayala pamalo ena m'tauni, pomwe mnyamata anamanga manati ndi impact wrench ya mpweya, chija amakaniko ambiri amangoti impakiti. "Anamanga ngati ndi thiraki," anatero amalume usiku umenewo. Ndiye ndinadabwa atandiimbira foni patapita masabata awiri. "Mphwanga, iwe umakhalira pa intaneti, tandifufuzire impakiti ya batire, yamphamvu kwambiri." Chida chomwe chinatichititsa mantha panjira ndi chomwenso ankafuna kutayirapo ndalama zimene anasunga kwa miyezi yambiri.

Ine ndimaphunzira mbiri, sindine injiniya. Choncho ndinachita zimene timachita ife: ndisanafunse kuti tigule iti, ndinafunsa kuti chidachi chinachokera kuti. Yankho lake linandithandiza kusankha kuposa malonda onse amene ndinaona.

Nkhani imayambira pa nati yeniyeniyo. Zaka 250 zapitazo, mmisiri aliyense ankasema mazinga, timizere tija tozungulira pa bawuti, mmene iye waonera. Nati ya mmisiri wina sinkalowa pa bawuti ya mnzake. Cha m'ma 1800, Henry Maudslay wa ku London anakonza makina osemera mazinga ofanana nthawi zonse. Mu 1841 Joseph Whitworth, yemwe anagwirapo ntchito kwa Maudslay, anapereka muyeso umodzi woti mafakitale a ku Britain azitsatira, ndipo mu 1864 William Sellers anapereka wake ku America. Miyeso iwiriyi sinkagwirizana. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mayikowa anali mbali imodzi koma zipangizo zawo zinkavuta kusinthana, mpaka mu 1949 America, Britain ndi Canada anagwirizana muyeso umodzi. Mayiko ena ambiri, kuphatikizapo Japan, anatsata muyeso wa mamilimita.

Mbiri yonseyi ili m'bokosi la zida la amalume ku Ndirande. Pansi pake pali masipanala akale a mainchi, otsala m'nthawi imene misewu yathu inali ya Land Rover, Bedford ndi Leyland. Pamwamba pali a mamilimita, chifukwa lero galimoto zambiri ndi zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan. Choseketsa n'chakuti soketi ya mamilimita 21 imene imamasula nati ya Toyota, kumbuyo kwake kuli bowo la theka la inchi lolowetsapo chogwirira. Chitsulo chimodzi, kutsogolo mamilimita, kumbuyo mainchi. Maufumu amatha, koma miyeso yawo imatsala m'magalaja.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ndondomeko ya zaka ziwiri izi: 1918 ndi 1934. Mu 1918 Conrad Bahr, yemwe ankagwira ntchito ku dipatimenti ya madzi mumzinda wa New York, akuti anapanga torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene munthu akumangira. Vuto limene ankalimbana nalo linali la anthu omanga mabawuti a mapaipi mopitirira muyeso. Impakiti inabwera pambuyo. Robert Pott wa ku Evansville, m'chigawo cha Indiana, ndiye anaitulukira, ndipo kampani ya Ingersoll Rand inayamba kuigulitsa mu 1934. Chicago Pneumatic inatulutsa yake mu 1939. Tanthauzo lake n'lakuti anthu anali atadziwa kale kuopsa komanga nati mopitirira asanakhale n'komwe ndi makina omangira mwamphamvu. Muyeso ndi mkulu, mphamvu ndi mng'ono wake. M'magalaja athu ambiri mng'onoyu anafika yekha, mkulu wake n'kutsala m'sitolo chifukwa sachita phokoso ndipo sakopa makasitomala.

Kagwiridwe ka impakiti n'kosavuta kumva. Mkati muli mota imene imazunguza kanyundo. Nati ikakana, kanyundoko kamalumpha n'kumenya chitsulo chogwira soketi, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ndiye phokoso lija la "trrr". Munthu amene anayesapo kumasula bawuti yadzimbiri amadziwa kuti kukoka pang'onopang'ono sikuthandiza ngati kugogoda sipanala ndi hamala. Impakiti imachita zomwezo mofulumira, ndipo chifukwa kumenyako n'kwakanthawi kochepa, dzanja la munthu silipotoka. Apa ndi pamene pali ubwino ndi msampha womwe. Ukamamanga ndi wilo sipanala, mkono umakuuza kuti pakwana. Ukamamanga ndi impakiti, mkono sumva kanthu.

Kwa zaka zambiri impakiti inali yomangirira ku kompuresa ndi paipi ya mpweya. Inali ya mafakitale, magalaja akuluakulu ndi mipikisano ya galimoto. Makaniko wa pansi pa mtengo sankailota. Black & Decker inatulutsa chiboolero choyamba chamagetsi chopanda chingwe mu 1961, koma mabatire a nthawi imeneyo anali olemera ndi osachedwa kutha. Zinthu zinasintha ndi batire la lithium-ion, limene Sony inayamba kugulitsa mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene anagwira ntchito yolitulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Cha m'ma 2005 makampani ngati Milwaukee ndi Makita anayamba kuika mabatirewa m'zida za amisiri. Kenako kunabwera mota zopanda mabulashi, zimene sizitentha msanga ndipo sizidya batire kwambiri. Lero impakiti ya batire imafika pa mphamvu imene kale inkafuna kompuresa.

Apa ndinamvetsa chifukwa chimene amalume ankaifunira. Kompuresa imadalira magetsi, ndipo tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mmene magetsi ankazimira maola ambirimbiri. Batire ungalitchaje usiku kapena pa sola. Komanso ntchito yambiri ya amalume siibwera ku galaja. Amaitanidwa kumene minibasi yafera. Nati yaikulu ya pa shafiti ya tayala, kapena bawuti ya pa pule ya injini, imene ankalimbana nayo ola lathunthu ndi paipi ndi anyamata awiri, impakiti imaimasula m'masekondi ochepa. Kwa munthu wolipidwa pa ntchito imene wamaliza, ola limenelo ndi ndiwo za tsikulo. Sindikanawauza kuti asagule.

Koma tiyeni tione manambala. Mphamvu yopotokola imayezedwa mu ma newton-mita, Nm mwachidule. Nati ya tayala la Corolla imafuna 103 Nm. Zili ngati kukanikiza makilo 35 kumapeto kwa wilo sipanala yotalika masentimita 30, zimene munthu wamba angachite ndi manja. Munthu wa makilo 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi, amafika pafupifupi 690 Nm. Impakiti zamphamvu za theka la inchi zimalembedwa kuti zimapitirira 1,000 Nm, kuwirikiza kakhumi zimene nati ya Corolla imafuna. Bawuti ikamangidwa bwino imatamuka pang'ono ngati sipuling'i, ndipo kutamuka kumeneko n'kumene kumagwira tayala. Ikakokedwa mopitirira siibwereranso mwakale, imafooka, tsiku lina n'kuduka. Mwamwayi yathu inadukira galimoto itaima. Ikanatha kudukira pa liwiro.

Zimene ndinawauza amalume pa kasankhidwe zinali izi. Choyamba, adziwe ntchito yawo. Munthu wongosintha matayala a galimoto zing'onozing'ono safunika chilombo cha 1,000 Nm. Yapakatikati imakwana, n'njopepuka, ndipo imalowa m'malo opanikizika. Yamphamvu kwambiri imalemera makilo atatu kapena kuposa ikakhala ndi batire, ndipo imeneyo ndi ya munthu wogwira maminibasi, mapikapu ndi mabawuti adzimbiri a kunsi, monga amalume. Chachiwiri, pa bokosi pamakhala manambala awiri, ya mphamvu yomasulira ndi ya mphamvu yomangira. Imene imalembedwa m'zilembo zikuluzikulu nthawi zambiri ndi yomasulira, chifukwa ndiyo yokwera. Chachitatu, ikhale ndi magiya angapo a mphamvu, kuti azitha kuitsitsa.

Chachinayi ndi batire, pomwe anthu ambiri amaberedwa. Selo imodzi ya lithium-ion imapereka mavoti 3.6, ndipo maselo asanu olumikizana ndiwo amapanga mavoti 18. Zolembedwa "20V max" ndi mabatire omwewo, angoyezedwa atangochoka pa tchaja. Ndiye mukaona kachida kopepuka ngati chidole kolembedwa mavoti mahandiredi, dziwani kuti nambala imeneyo ndi yokongoletsa. Nambala ya Ah ndiyo imasonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, ndipo impakiti yaikulu imafuna la 4 kapena 5 Ah kuti itulutse mphamvu yake. Chinanso, nthawi zambiri batire la kampani ina sililowa pa chida cha kampani ina. Tabwerera kumene Whitworth anatipeza, aliyense ndi muyeso wake. Pogula, funso likhale lakuti batire limeneli likadzafa, lina lidzapezeka kuti kuno kwathu.

Pa kagwiritsidwe, zambiri anandiphunzitsa ndi amalume omwewo, ine ndinangowonjezera zifukwa. Masoketi akhale akuda aja opangidwira impakiti, chifukwa onyezimira a pamanja amatha kusweka n'kuthowa munthu m'maso. Nati iliyonse iyambe ndi zala, izungulire kangapo, chifukwa ikalowa mopendama impakiti imangodya mazinga osakufunsa. Manati amangidwe modumphadumpha, ina kuno ina kutsidya, kuti tayala likhale mofanana. Pa mathiraki ena a ku Japan, manati a mbali ya kumanzere amamasukira kwina, ndipo sitadi imalembedwa L. Wosayang'ana amaganiza kuti akumasula pomwe akumangitsa. Ndipo lamulo lalikulu: impakiti imasule, kapena ingofikitsa nati pa giya yotsika, koma kumaliza kukhale kwa torque wrench, pa nambala imene opanga galimoto analemba. Galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100, manati aonedwenso.

Mnzanga wina ku hositelo anandiseka nditamuuza zonsezi. Iye anati amakaniko athu akhala akumanga matayala ndi mkono kwa zaka zambiri ndipo dziko silinathe, ndiye za manambalazi ndi za ana a sukulu. Mbali ina akunena zoona. Mkono wa makaniko wozolowera ndi muyeso ndithu, ndipo amalume akamanga ndi wilo sipanala saphonya kwambiri. Koma muyeso umenewo unaphunziridwa pa chida chimene chimayankha. Impakiti imachotsa kuyankhako, n'kupereka mphamvu ya anthu angapo kwa mnyamata amene wayamba ntchito mwezi watha. Sindimuimba mlandu mnyamata amene anamanga tayala lathu. Anapatsidwa mfuti, sanapatsidwe muyeso, ndipo mwina abwana ake amamuyamikira akamaliza galimoto msanga. Nafenso eni galimoto ndi okwera timasangalala tikamva phokoso lija, timati tayala lagwira.

Timaphunzira m'kalasi kuti zida zikamachoka kumene zinapangidwa, sizinyamula nzeru zonse zimene zinabadwa nazo. Ine ndinkaganiza kuti zimenezi ndi za njanji ndi mfuti za m'zaka za m'ma 1800. Ndinaziona pa nati ya mamilimita 21, pamsewu wa Liwonde, agogo akupemphera chamumtima kumbuyo.

Nditawatumizira amalume zimene ndinapeza, ndinawonjezera kuti ndalama asathere pa impakiti yokha, asiyeko ya torque wrench ndi masoketi akuda, ngakhale zitatanthauza kugula ya batire limodzi m'malo mwa awiri. Anakhala chete pafoni, kenako anati, "Iwe, ndakutuma chinthu chimodzi, wandibweretsera zitatu." Ndinawakumbutsa za sitadi ija. Anaseka, n'kudula foni.

Nditapita ku Ndirande mwezi watha, ndinapeza impakiti yafika. Mnyamata wawo wophunzira ntchito anali akubwezera tayala la Sienta. Anayamba manati ndi zala, anawafikitsa ndi impakiti, kenako anatsitsa galimoto pa jeke n'kukatenga torque wrench m'kabokosi kake. Mwini galimoto anafunsa kuti bwanji akuchedwa pomwe makina alipo. Amalume, ali kunsi kwa minibasi, anangoyankha kuti, "Achimwene, tayala limeneli mudzalimasula nokha usiku."