Kuchokera pa Ng'oma Kufika pa Disiko: Mbiri ya Nyimbo za Paukwati

Masiku ano komiti yoyendetsa ukwati ikakhala pansi, pakati pa nkhani za chakudya, holo ndi magalimoto pamabuka funso limene limadya nthawi: kodi tiitane bandi kapena tibwereke disiko? Achinyamata ambiri amayesa kuti funsoli ndi ladzulodzuloli. Koma tikafufuza mbiri tipeza kuti mpikisano wa pakati pa munthu woimba ndi makina oimba unayamba m'masiku a agogo athu, ndipo m'badwo uliwonse wauweruza m'njira yakeyake.

Kale kumudzi nyimbo za paukwati sizinali zogula. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akamvana, ndipo tambala ndi msoti zikaperekedwa pachinkhoswe, amayi ankapanga bwalo n'kuyamba kuimba. Mmodzi ankatsogolera, ena onse n'kumavomera uku akuomba m'manja ndi kuimba nthungululu. Anyamata ankawamba ng'oma pamoto kuti ilire bwino. M'madera a Achewa munkavinidwa magule onga chimtali ndi chitelera, m'mbali mwa nyanja chiwoda, pamene Angoni anali ndi nyimbo zawo za mthimba zoperekezera mkwatibwi. Malipiro a oimba anali thobwa, mowa ndi nsima basi, chifukwa oimbawo anali eni ukwati omwe.

Nyimbo zimenezi sizinali zongosangalatsa. Zinali mwambo. Mwa izo mkamwini ankamva zimene mudzi ukuyembekeza kwa iye, mkwatibwi ankalangizidwa za kakhalidwe ka m'banja, ndipo apongozi aumbombo ankadzudzulidwa mophiphiritsa popanda wina kupsa mtima. Wotsogolera nyimbo waluso ankatha kulowetsamo dzina la mkwati kapena la mudzi wake pomwepo. Choncho nyimbo iliyonse inali ya ukwati umenewo, osati wina ayi.

Kusintha koyamba kunadza ndi amishoni. Mishoni ya Livingstonia itakhazikitsidwa m'chaka cha 1875, ya Blantyre mu 1876 ndi ya Mvera mu 1889, kunabadwa ukwati wodalitsidwa m'tchalitchi. Mmenemo ng'oma sinkaloledwa kawirikawiri, ndipo malo ake anatengedwa ndi kwaya ndi nyimbo za m'buku. Komabe oimba anali akadali anthu a pamudzi omwewo. Akatuluka m'tchalitchi, ambiri ankabwerera kubwalo kumene ng'oma inkawadikira.

Kusintha kwakukulu kunabwera m'masutikesi a anthu opita kunja kukagwira ntchito. Thomas Edison anapanga makina ojambula ndi kubwereza mawu mu 1877, ndipo patapita zaka khumi Emile Berliner anatulukira galamafoni yoimba mbale zafulati. Amuna a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia ankabwerera kwawo ndi njinga, chikhoti ndi galamafoni. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Galamafoni ankachita kupukusa ndi dzanja, singano yake inkabuntha msanga, ndipo mbali imodzi ya mbale inkaimba kwa mphindi zitatu zokha kapena kupitirira pang'ono. Mbalezo zinali zosachedwa kusweka, motero mwini wake sankalola munthu wamba kuzigwira. Iye ankakhala pampando pafupi ndi makina ake, kusankha mbale ndi kupukusa. Munthu ameneyu ndiye kholo la DJ wa lero. Ngakhale liwu lakuti chimbale, limene timatchulira nyimbo zotulutsidwa pamodzi, ndi chikumbutso cha mbale zimenezi.

Nthawi yomweyo kuimba kwa manja nako kunkasintha. Asilikali a King's African Rifles pobwera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inatha mu 1945, anathandiza kufalitsa gitala ndi banjo. Mu 1949 kunayamba kugulitsidwa wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, yotchedwa Saucepan Special, ndipo anthu anayamba kumvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka imene inkaulutsanso m'Chinyanja. Kumeneko ankamva oimba onga Alick Nkhata. Anyamata amene analibe ndalama zogulira zida ankadzipangira mabanjo a zigubu ndi zikopa, n'kumatsanzira zimene amva pawailesi ndi pambale. Motero makina aja, m'malo mopha oimba, anabala mtundu watsopano wa oimba.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, chaka chomwenso wailesi ya MBC inakhazikitsidwa, mabandi anachuluka. Ku Chileka kunatchuka Daniel ndi Donald Kachamba ndi nyimbo zawo za kwela, ku Thyolo kunali Allan Namoko ndi Chimvu Jazz Band, pamene Robert Fumulani ankatsogolera Likhubula River Dance Band. M'mizinda munali mabandi a zida zamagetsi onga MBC Band ndi Police Orchestra, ndipo ku Balaka kunadzabadwa Alleluya Band imene inalera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Kukhala ndi bandi paukwati kunasanduka chizindikiro cha ulemerero. Koma apa tione chinthu chimodzi: kwa nthawi yoyamba woimba anakhala waganyu. Ankafunika malipiro, galimoto yonyamula zida, chakudya ndiponso magetsi. Alendo amene kale anali oimba tsopano anasanduka oonerera.

Mabanja osapeza bwino sakanatha zonsezi, choncho anathawira kwa makina. M'zaka za m'ma 1970 kunatchuka gumbagumba, galamafoni yoyendera mabatire yokhala ndi zokuzira mawu, imene inkaliza simanjemanje wa ku South Africa, kanindo wa ku Kenya ndi rumba ya ku Zaire. Kenaka kunabwera kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963 ngakhale kuno inafala mochedwerapo. Kaseti sinkasweka ngati mbale, inkanyamula nyimbo zambiri, ndipo batire ya galimoto inali yokwana kuliza wailesi usiku wonse. Pofika m'zaka za m'ma 1990 kubwereketsa disiko kunali kutasanduka bizinesi. Pambuyo pa kaseti panadza CD, ndipo lero DJ amafika ndi laputopu kapena kafulashi kochepa ngati chala, koma kosunga nyimbo zikwizikwi.

Kodi n'chifukwa chiyani DJ wapambana chotere m'maukwati a ku Malawi? Kutsika mtengo ndi chifukwa chimodzi, koma china chagona pa mwambo wa perekaniperekani. Pamadyerero a ukwati wotsogolera mwambo amaitana anthu m'magulumagulu: akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kuntchito, anzawo a kusukulu. Gulu lililonse limafuna nyimbo yakeyake yovinira popita kukaponya ndalama, ndipo nyimboyo imadulidwa ndalama zikangoleka kugwa. Bandi singadziwe nyimbo zonse, ndiponso oimba amatopa. Pakati pa mwambo amayenera kupuma. Makina satopa ndipo sadandaula akadulidwa pakati. Popeza ndalama za perekaniperekani ndizo zimathandiza kubweza ngongole za ukwati ndi kuyambitsa banja latsopano, makomiti ambiri amaona kuti DJ ndiye wopindulitsa.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyimbo yojambulidwa kale sidziwa dzina la mkwatibwi, sidziwa mudzi wa mkwati, ndipo siingasinthe mawu kuti ilangize banja limene lili patsogolo pake. Imene yalira paukwati wa ku Mzuzu ndi yomweyo ikulira ku Nsanje Loweruka lomwelo. Magetsi akazima ndipo jenereta palibe, holo yonse imangoti zii, pamene kale amayi akanangoyamba kuomba m'manja. Palinso nkhani ya chuma cha oimba. Woimba amene nyimbo yake ikuvinitsa anthu mazanamazana angathe kugona ndi njala tsiku lomwelo. Pofuna kuteteza anthu aluso, boma linakhazikitsa lamulo la umwini wa zaluso mu 1989, ndipo mu 1992 bungwe la COSOMA linayamba ntchito yotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pagulu. Lamuloli linakonzedwanso mu 2016.

Chochititsa chidwi n'chakuti palibe chatsopano chimene chinafafaniziratu chakale. Ukwati umodzi wa lero ungathe kusenza mbiri yonseyi: pachinkhoswe amayi amaimbabe ndi pakamwa popereka lichero, mtondo ndi khasu, m'tchalitchi kwaya imaimba, kuholo DJ amalamulira, ndipo opeza bwino amaitananso woimba wotchuka kuti adzaimbe nyimbo ziwiri kapena zitatu.

Tsono inu amene mawa mudzakhala m'makomiti a maukwati, mukadzafika pa funso la bandi kapena disiko, mudzawerengere thumba lanu, kukula kwa malo ndi mtundu wa alendo anu. Koma musadzaiwale funso limene mbiri yatisiyira: kodi pa tsikulo abale adzapatsidwa mpata woimbira ana awo ndi pakamwa pawo? Bandi imabwerekedwa, disiko imabwerekedwa, ndipo dzuwa likalowa zonse zimapakiridwa m'galimoto. Malangizo a azakhali ndi nthungululu za agogo ndizo zimatsala ndi banja.