Mbiri ya Nyumba za Anthu Osauka mu Mzinda wa Lusaka

Pamene Boma la Northern Rhodesia linasamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone kunka ku Lusaka m'caka ca 1935, mzinda watsopanowo unamangidwa motsata maganizo a Professor Adshead, amene anadzaona malowo mu 1931. Misewu inali yotakata, ndi mabwalo a nyumba za Azungu anali akulu. Koma anthu akuda, amene anaumba njerwa ndi kukumba maziko, anapatsidwa malo ocepa ndithu. Boma linayesa munthu wakuda mlendo m'tauni: adze ndi citupa cace, agwire nchito, ndipo ikatha abwerere kumudzi. Cotero wocotsedwa nchito anali kutayanso pogona pace.

M'caka ca 1948 kunaikidwa lamulo lakuti olemba anthu nchito aziwapezera nyumba, ndi kuti makhonsolo azimanga midzi ya anchito ndi mabanja ao. M'nyumba zotere za Khonsolo, monga za ku Matero ndi ku Chilenje, munakhala anthu ambiri, koma sizinakwanire konse. Otsalawo anapempha malo pa minda ya Azungu ena kunja kwa malire a mzinda, nalipira lendi mwezi ndi mwezi, namanga tinyumba ta dothi. Maina ena a makomboni, monga John Laing ndi Marapodi, akumbutsa eni malo ndi eni nchito a masiku aja.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, citupa cinatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Mu 1963 munali anthu oposa 120,000. Pofika 1969 anapitirira 260,000. Apa zopinga zinaoneka poyera. Coyamba cinali malo: wokhala m'komboni analibe kalata yosonyeza kuti pamene akhalapo ndi pace, ndipo munthu woopa kuti nyumba yace igwetsedwa mawa sagula simenti kapena malata. Caciwiri cinali malamulo a kamangidwe, amene anafuna nyumba ya mtengo wosatheka kwa mlonda kapena wogulitsa makala. Cacitatu cinali madzi ndi misewu, pakuti Khonsolo sinaloledwe kutaya ndalama pa midzi imene lamulo silinaidziwe.

Nzeru yatsopano inadza mu 1974. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola kuti komboni ilengezedwe kukhala malo oyenera kukonzedwa, ndi kuti mwini nyumba alandire kwa Khonsolo kalata yokhalira pamalopo zaka 30. M'malo oterewa malamulo obvuta a kamangidwe anafewetsedwa. Caka comweco World Bank inabwereketsa Boma madola 20 miliyoni, ndipo Khonsolo ya Lusaka inayamba kukonza makomboni a George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Eni midzi anayenda pamodzi ndi anchito a Khonsolo kusankha podzera misewu. Amene nyumba zao zinagwa mu msewu anapatsidwa malo ena pafupi. Mipope ya madzi inaikidwa kuti nyumba zingapo zizitunga pa umodzi. Ndipo ofuna anakongola simenti ndi malata. Anthu atakhazikika mtima, ambiri anagwetsa okha nyumba za dothi namanga za njerwa za simenti, cipinda cimodzi cimodzi monga ndalama zinapezekera.

Koma nchito yabwinoyi inali ndi bala lace. Ambiri sanalipire ndalama za mwezi za madzi ndi za ngongole, ndipo Khonsolo inalephera kuzisonkhetsa. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, Boma linasowa cothandizira, ndipo mipope ndi misewu zinaonongeka popanda wokonza. Mu 1996, pa ulamuliro wa President Chiluba, nyumba za makhonsolo zinagulitsidwa motsika mtengo kwa okhalamo. Mabanja ambiri anakondwa kukhala eni nyumba, koma makhonsolo anataya lendi imene akadamangira zina. Pamene kolera inabuka mu 2017 m'komboni ya Chipata, nifalikira ku Kanyama, zinaoneka kuti nyumba yolimba siipulumutsa mwana ngati citsime ciri pafupi ndi cimbudzi.

Mbiri iyi iphunzitsa kuti munthu wosauka adziwa kudzimangira yekha; cimene sangathe ndico kudzipatsa malo, kalata, msewu ndi madzi oyera. Izi ndizo nchito za Khonsolo, ndipo zifuna msonkho wosonkhedwa mokhulupirika, umene anthu aona phindu lace ndi maso. Akulu anati m'mera mpoyamba. Matauni ang'ono monga Katete ndi Petauke akukula, ndipo ana ambiri a m'sukulu za kumidzi adzafuna pogona kumeneko. Khonsolo imene ipima malo ndi kusiya mpata wa misewu, sukulu ndi mipope anthu asanafike, idzataya ndalama zocepa kuposa imene iyembekeza kufikira nyumba zitathithikana.