Pamene Ng'oma Zinalowa pa Yunivesite ya Ghana

M'nthawi ya atsamunda, m'sukulu za mishoni ku Gold Coast, dziko limene lero likutchedwa Ghana, nyimbo za ku Ulaya ndizo zinkalemekezedwa, ndipo ng'oma inkaonedwa ngati chinthu chachikunja. M'zaka za m'ma 1930, Ephraim Amu, mphunzitsi wa nyimbo pa koleji ya Akropong, anachotsedwa ntchito chifukwa chokana kusiya kulalikira atavala nsalu ya makolo ake. Iye sanafooke. Anakonza atenteben, chitoliro chansungwi, kuti chizitha kuyimbidwa pamodzi ndi zida za ku Ulaya.

Dziko la Ghana litalandira ufulu mu 1957, zimene kale zinkanyozedwa zinapeza malo pa yunivesite ku Legon. Mu 1962, katswiri wa nyimbo J. H. Kwabena Nketia ndi mphunzitsi wa magule Albert Mawere Opoku anakhazikitsa gulu la Ghana Dance Ensemble pansi pa Institute of African Studies, nthambi imene Kwame Nkrumah anaitsegulira mwamwambo mu 1963. Akatswiri oyimba ng'oma ochokera m'midzi anaitanidwa kudzaphunzitsa, pakuti nzeru zimenezi zinali m'manja mwawo, osati m'mabuku.

Ntchitoyi inali ndi vuto lake. Gule wa pabwalo angathe kuchezera usiku wonse, ndipo owonera amalowamo n'kuvina nawo. Papulatifomu, nthawi ndi yowerengeka ndipo anthu amakhala pamipando. Opoku anafupikitsa magule monga adowa wa Aashanti ndi agbadza wa Aewe, koma anasunga mtima wake, womwe ndi kuyankhana kwa ng'oma yaikulu ndi mapazi a wovina. Pambali pa magule akalewa panabweranso kpanlogo, gule watsopano wa achinyamata a mu Accra. Nketia naye analemba nyimbo za piyano zotsatira kalankhulidwe ka ng'oma.

Mbewu imeneyi inabala zipatso. Mu 1988, Nana Danso Abiam anayambitsa Pan African Orchestra, gulu lalikulu loyimba ndi zida za mu Africa monga zitoliro, mangolongondo ndi ng'oma.

Lero, ophunzira akamaphatikiza nyimbo zakale ndi zamakono pamaso pa ovina, amayenda m'njira imene analambula anthu amenewa. Chakale chinapulumuka chifukwa eni ake analoledwa kuchiphunzitsa, ndipo ana analoledwa kuwonjezerapo chawo.