Nthabwala zimene Amwenye analanda kwa Angelezi

Mu 1897 ku London kunatuluka buku lotchedwa Baboo Jabberjee, B.A. Analemba ndi Mngelezi, F. Anstey, ndipo nkhani zake zinayamba zatuluka m'magazini ya nthabwala ya Punch. Mwininkhani ndi mnyamata wa ku Bengal amene wapita ku England kukaphunzira zamalamulo. Chingelezi amachidziwa, koma amachita kuchinyanyira: chiganizo chilichonse amachiunjikira mawu akuluakulu, miyambi yopotoka ndi Chilatini pamwamba. Owerenga ankafa nalo phwete. Wosekedwayo analibe poyankhira.

Munthu wotereyu anamuumba ndi Angelezi omwewo. Mu 1835 Thomas Macaulay analangiza boma la atsamunda ku India kuti ndalama za maphunziro zizipita kusukulu za Chingelezi, n'cholinga choti paphuke kagulu ka Amwenye oganiza ngati Angelezi, kamene kazikhala pakati pa olamulira ndi olamulidwa. Kaguluko katakula, eni akewo anayamba kukaseka. Pa nthawi yomweyo ukapolo unali utathetsedwa m'maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo zombo zinayamba kututa Amwenye osauka kupita nawo kuminda ya nzimbe: ku Mauritius mu 1834, ku Guyana mu 1838, ku Trinidad mu 1845, ku Natal mu 1860, ku Fiji mu 1879. Ena anabwera kum'mawa kwa Africa kudzayala njanji yochokera ku Mombasa kuyambira mu 1896. Choncho anthu osowa kwawo anakhalapo mitundu iwiri, amene anachoka ndi chombo ndi amene anachotsedwa ndi sukulu ali pakhomo pawo pomwe.

Woyamba kubweza moto anali mwana wa mu Africa muno. G. V. Desani anabadwira ku Nairobi mu 1909, anakulira ku Sindh, ndipo anakafika ku England akadali mnyamata. Mu 1948 anatulutsa All About H. Hatterr. Hatterr ndi mwana wa mzungu wa pasitima yapamadzi ndi mayi wa ku Penang, woleredwa ndi amishoni ku India, wosakhala Mzungu, wosakhala Mmwenye. Amayenda mizinda kufunafuna nzeru kwa akatakwe asanu ndi awiri a zauzimu, ndipo nthawi zambiri amabwerako atapusitsidwa. Koma chachikulu m'bukuli ndi chilankhulo. Desani anatenga Chingelezi chomwe chija chimene Anstey ankachinyoza, n'kuchisakaniza dala ndi cha Shakespeare, cha m'khoti, cha pamsika ndi mawu a Chihindi, mpaka Mngelezi weniweni kumatsalira m'mbuyo. T. S. Eliot analiyamikira. Salman Rushdie, amene Midnight's Children yake inapata mphoto ya Booker mu 1981, anavomera poyera kuti anaphunzira kwa Desani. Desaniyo sanalembenso buku lina lankhani lalitali. Anatha zaka zambiri akuphunzira zauzimu, kenako n'kukaphunzitsa pa yunivesite ya Texas ku Austin.

Ku Trinidad nthabwala inatuluka yowawirako. V. S. Naipaul, wobadwa mu 1932 m'tauni ya Chaguanas, anali mdzukulu wa anthu a m'zombo aja. Buku lake loyamba, The Mystic Masseur la mu 1957, limalondola Ganesh Ramsumair, amene uphunzitsi unamukanika, n'kuyamba using'anga wosisita anthu, kenako kukhala munthu wa mizimu, kenako wandale. Pamapeto wofotokoza nkhani amakumana naye pasiteshoni ya sitima ku England, ndipo mkuluyo amadzitchula kuti G. Ramsay Muir. Dzina la makolo wangoliduladula kuti limveke la Chizungu.

Mu A House for Mr Biswas, la mu 1961, Naipaul analemba za bambo ake enieni, amene anali mtolankhani wa Trinidad Guardian. Biswas amabadwa ndi zala zisanu ndi chimodzi, amakwatira m'banja lalikulu la a Tulsi, n'kukhala mkamwini wodyera kwa apongozi m'chinyumba chodzadza ndi alamu ndi ana awo. Moyo wake wonse amalimbana ndi chinthu chimodzi, kukhala ndi nyumba yakeyake. Amaipezadi ku Port of Spain, yomangidwa mwachinyengo, ya ngongole, koma amafera momwemo. Aliyense amene anaonapo chikamwini aimva nkhaniyi popanda womasulira. Naipaul atapita ku India koyamba mu 1962 nthabwala zinamuthera. Buku limene analemba za ulendowo, An Area of Darkness, linakwiyitsa Amwenye ambiri, ndipo mkwiyowo sunathe ngakhale atalandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Ku Britain nkhani inasintha pamene ana obadwira konko anakula. Chiwerengero chawo chinakwera ndi mabanja ochokera kuno ku Africa, makamaka Idi Amin atathamangitsa Amwenye ku Uganda mu 1972. Ena a ku Malawi nawo analowera ku Leicester boma litawachotsa m'magolosale a kumidzi m'zaka zomwezo. Mu 1990 Hanif Kureishi anatulutsa The Buddha of Suburbia. Bambo wa m'nkhaniyi, Haroon, ndi Msilamu wa ku Bombay, kalaliki wa m'boma, amene watulukira kuti azungu a m'dera lake ali ndi njala ya nzeru za Kum'mawa. Basi amawerenga mabuku a Chibuda n'kuyamba kuwaphunzitsa madzulo m'nyumba zawo. Mwana wake Karim, wobadwira ku London, akapeza mwayi wa zisudzo amapatsidwa malo a Mowgli, n'kuuzidwa kuti adzole zoderetsa khungu ndipo azilankhula ngati wochokera ku India. Uku akunenedwa kuti si Mngelezi, uku akunenedwa kuti Umwenye wake ndi woperewera.

Meera Syal analemba Anita and Me mu 1996, za mtsikana wa makolo a ku Punjab wokulira m'mudzi wa migodi ku England. Chaka chomwecho iye ndi Sanjeev Bhaskar, Kulvinder Ghir ndi Nina Wadia anayamba pa wailesi ya BBC pulogalamu ya Goodness Gracious Me, imene inafika pa kanema mu 1998. Dzinalo analitenga ku nyimbo ya mu 1960 imene Peter Sellers ankaimba moyeserera Mmwenye. Sewero lawo lotchuka limaonetsa Amwenye oledzera ku Bombay atalowa m'lesitilanti ya Chingelezi, akupikisana kuitanitsa chakudya chozizira kwambiri, chopanda tsabola, kwinaku akupotoza dzina la woperekera zakudya wachizungu.

Komabe buku loluma kwambiri pa onsewa ndi la munthu amene sanasamuke ku India. Upamanyu Chatterjee, wobadwa mu 1959 ku Patna, analowa mu 1983 ntchito ya akuluakulu oyendetsa boma la India, ndipo mu 1988 anatulutsa English, August. Agastya Sen ndi mwana wa bwanamkubwa, wophunzira kusukulu zapamwamba, wozolowera Delhi ndi Calcutta. Anzake amamutcha August chifukwa cha Chingelezi chake. Boma limamutumiza kukaphunzira ntchito ku Madna, tauni yongopeka ya kutali, yotentha koopsa, kumene chilankhulo cha anthu sachimva. Ndi dziko lake, ndipo akuyenera kulilamulira, koma ndi mlendo kuposa Karim ku London.

Ntchito amaizemba. Amadzitsekera m'chipinda cha nyumba ya alendo ya boma, kusuta chamba, kuwerenga Marcus Aurelius, kucheza ndi chule wokhala m'bafa mwake. Akafunsidwa za moyo wake amanama popanda chifukwa, lero za mkazi amene alibe, mawa zina. Ena anadandaula kuti bukuli ndi lotukwana ndiponso kuti mavuto a mwana wa bwana si mavuto. Dandaulo lachiwirili lili ndi mutu, koma Chatterjee analiona kale: anthu osowa madzi amene Agastya amakawapeza kumidzi sawasandutsa choseketsa, woseketsa ndi bwanayo. Dev Benegal anapanga filimu ya bukuli mu 1994, Rahul Bose akusewera Agastya.

Chatterjee sanasiye ntchito ya boma bukulo litatchuka. Mu 2000 anatulutsa lotsatira lake, The Mammaries of the Welfare State, mmene Agastya akadali pantchito, pakati pa ziphuphu ndi milu ya mafayelo. Mu 2004 bukulo linapata mphoto ya Sahitya Akademi, bungwe la zolembalemba limene linakhazikitsidwa ndi boma la India lomwelo.