Momwe Lizulu anasandukira dimba la anthu a m'tauni

Mumzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa mtsinje, muli msika wa ndiwo zamasamba womwe anthu amautcha Lizulu. Ambiri ogula kumeneko sanapondeko ku Lizulu weniweni, kwathu ku Ntcheu, kwa Inkosi ya Makhosi Gomani, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Angonia wa ku Mozambique.

Agogo anga ankati m'nthawi ya atsamunda chimene Ntcheu ankatumiza kutali chinali anthu, osati ndiwo. Amuna ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury, kukasaka ndalama ya msonkho. Dimba linali la pakhomo, lopezerapo mpiru ndi nkhwani m'chilimwe. Boma likabwera kumunda linkabwera ndi malamulo a malimidwe ndi chindapusa, mpaka mu 1953 Inkosi Gomani II, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake kuti asamverenso malamulowo. Boma linawachotsa pampando, ndipo anamwalira mu 1954.

Chimene chinasintha dimba lathu ndi kukula kwa matauni. Mu 1966 anthu a mu Lilongwe sankakwana 20,000. Likulu la dziko litachoka ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira ku Lilongwe, ndipo pa kalembera wa 2018 anali atatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni, pamene Blantyre anali ndi 800,000. Ochuluka anakafikira ku Mtandire, Chinsapo, Mgona, Ndirande ndi Mbayani, m'nyumba za lendi zopanda munda, zopanda nkhokwe. Ntcheu ali pakati pa mizinda iwiriyi, ndipo kuzizira kwa mapiri a Tsangano ndi Lizulu kumayanjana ndi kachewere, kabichi, anyezi, karoti ndi nsawawa.

ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula chimanga, mtedza, thonje ndi fodya. Za kabichi inalibe nazo ntchito. Choncho malonda a ndiwo anawayambitsa ndi anthu wamba: amayi a madengu, anyamata a njinga, madalaivala a malole obwerera opanda katundu. Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta cha mu 1986, othawa anadzaza midzi yathu, nawonso nayamba geni m'mbali mwa msewu. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera kwawo, koma mbatata ndi nyemba za ku Angonia zikuwolokabe msewu tsiku lililonse la msika.

Mayi anga ankagulitsa kachewere. Ankayamba ndi kusankha, yaing'ono pansi pa ndowa, yaikulu pamwamba, n'kuunjika mpaka isongoke. Opikula ochokera ku Blantyre ankabwera ndi matumba awoawo, olumikiza chigamba kukamwa kuti mulowe zambiri, koma mtengo n'kunena wa thumba limodzi. Mkangano unkakhala pamenepo. "Mayi, chotsaniko, transipoti yakwera," iwo amatero. "Nanga feteleza watsika?" amayankha mayi. Pomaliza ankagwirizana, chifukwa katundu wa kudimba sadikira mawa.

Katunduyo amayenda usiku, eni ake atakhala pamwamba pa matumba atadzikulunga zitenje. Akafika m'tauni thumba limasanduka ndowa, ndowa isanduka milu. Apa ndi pamene munthu wa ganyu amadyera. Iye sagula za mwezi. Akaweruka amagula ufa wa wokumani wokwanira nsima ya usiku umodzi, mulu wa tomato, kanyezi kamodzi, mafuta a m'kachubu ndi makala a m'jumbo, n'kupempha banyira. Masana, ngati zayenda, amaima pachiwaya kudya tchipisi cha mbatata ya ku Tsangano. Mayi wa pabenchi akamudziwa amamupatsa pangongole, chinthu chimene sitolo yaikulu singachite.

Njira imeneyi sichedwa kusokonekera. Mvula ikagwa, msewu wa ku Tsangano umavuta ndipo mbatata imatsakamira kumunda. Mafuta a galimoto akasowa, tomato amaolera pa Lizulu pamene ku Ndirande akumulira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayi ambiri a pabenchi ankaopa kutchula mtengo watsopano, ankangochepetsa mulu. Ndipo boma litachotsa mavenda m'misewu mu 2006, ovutika sanali ogulitsa okha, komanso ogula a mulu umodzi.

Tikamakamba za njala m'dziko muno timawerenga matumba a chimanga a m'nkhokwe za boma, ngati kuti aliyense ali ndi munda kumudzi. Ana obadwira ku Mgona ambiri alibe. Amene akufuna kuti anawa adye ayambe ndi kukonza msewu wa ku Tsangano, amange mashedi osungiramo ndiwo pa Lizulu ndi pa Kampepuza, ndipo mayi wa pabenchi ampatse malo ogulitsira m'malo momuthamangitsa.