Buku la Amisiri la Chaka cha 1568

Pa chaka cha 1568, m'mudzi wa Frankfurt ku dziko la Germany, munasindikizidwa buku la zithunzi 114 za anthu, yense pa nchito yache. Wolemba zithunzizo ndiye Jost Amman. Ndipo zinasemedwa pa matabwa, kuti thabwa limodzi lopakidwa inki libale zithunzi zambirimbiri. Pansi pa chithunzi chiri chonse pali mizere 8 ya ndakatulo, yopeka Hans Sachs wa ku Nuremberg.

Tsono Sachs ameneyu anali wosoka nsapato. Anayamba kuphunzira nchitoyo ali wa zaka 15, napita kukayendayenda zaka 5 m'midzi ya eni, kugwira nchito kwa amisiri ena. Pakuti mwambo wa magulu a amisiri unatero: mnyamata asatsegule nyumba ya nchito ya iye yekha kufikira akulu ataona chopanga chache ndi kuchibvomereza. Chotero amene analembera amisiri mau anali mnzao.

Bukulo liyamba ndi Papa ndi mafumu, koma maso athu sakhalitsa pamenepo. Tifulumira kunka kwa wopanga mapepala. Taonani, waima pa chimbiya cha matabwa, ali kutunga phala la nsanza ndi chosefera chache. Kumbuyo kwache njinga yoyenda ndi madzi iri kukweza minsi yosinja nsanzazo, monga asinjira amai mphale, ndi kamnyamata kali kuchoka katanyamula mulu wa mapepala. Zotere alembi a mbiri sasamala. Iwo alemba za nkhondo ndi za mafumu. Koma kagwiridwe ka chipangizo akasiya, poyesa kuti adziwa ali yense, ndipo pakufa mmisiri wotsiriza kaikidwa naye pamodzi.

Kuwawa kwache tikudziwa ifenso. Makolo athu anayenga chitsulo m'ng'anjo, naomba nsalu za thonje lao. Koma atadza makasu ndi nsalu za m'sitolo, ng'anjo zinazima. M'buku la David ndi Charles Livingstone la ulendo wa ku Zambezi, losindikizidwa ku London pa 1865, muli chithunzi cha wosula ndi mvukuto wache wa chikopa cha mbuzi, ndi china cha woomba nsalu ali kusuta kaliwo wamkulu. Tiziyang'ana kawirikawiri, ngakhale anazilemba alendo opitirira. Pansi pache palibe dzina la wosulayo, kapena mau a mnzache wa nchito.