Petulo Wosakaniza ndi Nzimbe

Dziko la Malawi lilibe zitsime za mafuta. Petulo woyendetsa magalimoto a ku Mitundu ndi ku Nathenje amachokera kutsidya kwa nyanja yamchere. M'chaka cha 1973 mtengo wake unakwera koopsa, ndipo mu 1979 unakweranso. Nkhondo ya ku Mozambique nayonso inayamba kuononga njanji ya ku Beira, mafuta navuta kufika.

Tsono mu 1982 anatsegula fakitale ku Dwangwa. Kumeneko amatenga madzi akuda otsala popanga shuga, nawasasitsa, nawatcheza monga atchezera kachasu. Chotulukamo amachitcha ethanol, ndipo amachisakaniza ndi petulo. Mu 2004 fakitale yachiwiri inayamba ntchito ku Chikwawa. Motero nzimbe zinachepetsako ndalama zimene dziko likadalipira kunja.